Pampu ya Tsurumi KTZ 47.5 m'dzenje la kwale: ntchito imene imaikwanitsa ndi malire ake

Kuyambira mwezi wa Disembala mpaka Malichi, ntchito yophwanya miyala imayenda malinga ndi mmene madzi akuchotsedwera m'dzenje. Mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa magalimoto sangatsike kukanyamula miyala, mabowo amene anaboolera kuti athiremo zophulitsira amakhala atadzaza madzi, ndipo makina ophwanyira amangokhala chete pamene antchito akuyembekezera malipiro awo monga mwa masiku onse. Ndimayang'anira makina pa kwale ina m'chigawo cha kummwera, ndipo pampu imene takhala tikuidalira kwa zaka zingapo ndi Tsurumi KTZ 47.5. Ndi pampu yolimba imene ndingaiyamikire kwa aliyense amene madzi ake ali ndi mchenga ndi fumbi la miyala, koma kuyamikira kwangaku kuli ndi malire amene wogula ayenera kuwadziwa asanatulutse ndalama, chifukwa mapampu ambiri amene ndawaona atafa msanga anafa kaamba kopatsidwa ntchito imene sanapangidwire.

Kampani ya Tsurumi inayamba mu 1924 mumzinda wa Osaka ku Japan, ndipo mtundu wa KTZ ndi wa mapampu omira m'madzi oyendera magetsi a mafezi atatu, kutanthauza magetsi amphamvu obwera m'mawaya atatu amoto. Dzina la pampu iliyonse limanena kukula kwake: nambala yoyamba ndi kukula kwa potulukira madzi mu mainchesi, ndipo manambala otsatirawo ndi mphamvu ya mota mu makilowati. Choncho 47.5 ndi ya mainchesi 4, kapena kuti mamilimita 100, yokhala ndi mota ya makilowati 7.5, pamene 67.5 ili ndi mota yofanana koma potulukira pake ndi pa mainchesi 6. Ziwirizi zimadya magetsi ofanana koma ntchito yake ndi yosiyana. Ya mainchesi 4 imakankha madzi ocheperapo koma imawafikitsa patali m'mwamba, pomwe ya mainchesi 6 imatulutsa madzi ambiri pamtunda wofupikirapo. Wogula amene amangofunsa za makilowati okha akhoza kubwera ndi yolakwika mwa ziwirizi.

Thupi la pampuyi ndi la cast iron, chitsulo chochita kusungunula n'kuumba m'chikombole, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 100, kotero kuti kuitsitsa ndi kuikweza kumafuna unyolo ndi makina onyamulira. Chimene chimaisiyanitsa kwenikweni ndi mapampu otsika mtengo amene adzaza m'masitolo ndi impela yake, gudumu la mapiko limene limazungulira n'kukankha madzi, imene ndi ya chitsulo chosakaniza ndi chromium wochuluka. Mchenga wochokera ku miyala yolimba umapala chitsulo wamba mofulumira kwambiri, moti pampu ina yopanda dzina lodziwika imene inagulidwa mwachangu pamalo pathu inatha mapiko a impela dzinja lisanafike pakati, ndipo inkangolira bwinobwino koma madzi akutuluka mwaulesi. Impela ya KTZ nayonso imatha, chifukwa palibe chitsulo chimene mchenga sungachidye, koma imatha pang'onopang'ono moti munthu amakhala ndi nthawi yoona kuti mpata wa pakati pa impela ndi chivundikiro cha pansi ukukula, n'kuitanitsa yatsopano ntchito isanaime.

Kusankha pampu kumayambira pa kuchuluka kwa madzi, ndipo masamu ake si ovuta. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pamalo a mahekitala awiri amene madzi ake onse amatsetserekera m'dzenje, amenewo ndi makyubiki mita 1,000 a madzi. Wofuna kuwachotsa m'maola 24 akufunika pampu yotulutsa makyubiki mita 42 pa ola, ndipo wofuna kuti magalimoto atsike pakatha maola 12 akufunika kuwirikiza kawiri. Pamwamba pa apo pali madzi otuluka m'ming'alu ya thanthwe, amene amayezeka mosavuta pozimitsa pampu kwa ola limodzi tsiku lopanda mvula ndi kuona kuti madzi akwera bwanji. Ngalande yokumbidwa m'mbali mwa dzenje kumtunda, yopatutsa madzi a m'phiri kuti asalowe n'komwe, imachepetsa ntchito ya pampu kuposa china chilichonse chimene mungagule, ndipo ndimadabwa kuona makwale ambiri akuinyalanyaza.

Pamene anthu ambiri amapusitsika ndi pa manambala awiri olembedwa m'kabuku ka pampu. KTZ 47.5 imatha kukankha madzi mpaka mamita pafupifupi 40 m'mwamba, ndiponso imatha kutulutsa makyubiki mita oposa pang'ono 80 pa ola, koma sichita ziwirizi nthawi imodzi. Pa mamita 40 madzi amakhala akungosuzumira kukamwa kwa paipi, ndipo madzi ochulukawo amatuluka pokhapokha pamene mtunda uli waufupi. Chofunika ndi kuwerenga mzere wokhota umene umaonetsa madzi amene pampu imatulutsa pa mtunda uliwonse, n'kupezapo malo amene dzenje lanu lili. Kuonjezera apo, mtunda umene pampu imaumva si kuya kwa dzenje kokha, chifukwa madzi akamakhulana ndi paipi amataya mphamvu. Tiyerekeze dzenje lakuya mamita 22, lokhala ndi paipi yotalika mamita 200 kukafika kotayira, ndipo tikufuna makyubiki mita 50 pa ola. M'paipi ya mamilimita 100, kukhulana kumadya mamita pafupifupi 6, kotero pampu imaona ngati ikukweza madzi mamita 28, zimene KTZ 47.5 imakwanitsa. M'paipi ya mamilimita 75, madzi omwewo amayenera kuthamanga mamita oposa 3 pa sekondi, kukhulana kumadya mamita oposa 25, ndipo zonse pamodzi zimapitirira mamita 40 amene pampuyo ingafike. Zotsatira zake n'zakuti madzi amatuluka ochepa kwambiri, anthu n'kuyamba kunena kuti pampu ndi yofooka, pamene vuto ndi paipi imene inasankhidwa chifukwa inalipo kale m'sitolo ya kampani. Mapaipi ofewa opindika aja amaonjezera vutoli akapindika pa ngodya ya thanthwe kapena galimoto ikawaponda. Komanso paipi yaikulu mopitirira muyeso ili ndi vuto lake, chifukwa madzi akamayenda pang'onopang'ono mchenga umakhazikika m'munsi mwa paipi mpaka kuitseka. Liwiro la pafupifupi mamita 2 pa sekondi ndi limene limanyamula mchenga popanda kuwononga mphamvu yambiri.

Malire aakulu a KTZ ali pa matope. Sefa yake ili ndi mabowo a mamilimita pafupifupi 12, ndipo pampuyi inapangidwira madzi akuda okhala ndi mchenga woyandama. Matope okhuthala amene amaunjikana pansi pa sampu, kadzenje kakuya kamene madzi onse amasonkhaniramo, ndi nkhani ina. Pampu ikaikidwa pansi penipeni imadzikumbira yokha m'matopemo, sefa imatsekeka, mota imatentha, ndipo tsiku loikweza pamafunika makina amphamvu kuti aizule. Ife timaipachika pa unyolo kuti ikhale pamwamba pa matope ndi theka la mita kapena kuposerapo, ndipo nthawi zina timaiika mumgolo wachitsulo wobooledwa mabowo m'mbali mwake, umene umatchinga timitengo, mapepala apulasitiki ndi zidutswa za mawaya a zophulitsira zimene zimakonda kukulunga impela. Sampu yokumbidwa pawiri, kuti madzi ayambe adikha m'chigawo choyamba asanasefukire kumene kuli pampu, imatalikitsa moyo wa impela moonekeratu. Amene akufuna kuchotsa matope enieniwo agule pampu yokhala ndi chovundulira pansi pake, monga ya mtundu wa KTD kapena KRS ya kampani yomweyi. Mota ya KRS imazungulira pa theka la liwiro la mota ya KTZ, ndipo kuchepa kwa liwiroko n'kumene kumateteza zitsulo zake ku matope a mchenga wambiri, ngakhale kuti siikweza madzi patali ngati KTZ.

Kumbali ya magetsi, pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene ndimafuna kuti wamagetsi aliyense achione ndi maso ake pampu isanatsike. Mota ya mafezi atatu imazungulira mobwerera ngati mawaya awiri asinthanitsidwa, ndipo choipa chake n'chakuti pampu yozungulira mobwerera imatulutsabe madzi, ochepa chabe, moti munthu wosazindikira akhoza kuisiya choncho kwa masabata. Kuyesa kwake n'kwa sekondi imodzi. Pampu ili lende pa unyolo, munthu mmodzi amayatsa n'kuzimitsa nthawi yomweyo, ndipo wina woima chapatali amayang'ana kuchokera pamwamba. Ikagwedezeka motsutsana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera, mawaya ali bwino. Kuyesaku kuyenera kubwerezedwa nthawi iliyonse pampu ikasamutsidwa kuchoka pa magetsi wamba kupita pa jenereta, chifukwa ndi pomwe mafezi amasokonekera kawirikawiri. Pa mbali iyi mapampu a Grindex a ku Sweden ali patsogolo, popeza ambiri mwa iwo ali ndi kachipangizo kam'kati kamene kamaonetsetsa kuti impela ikuzungulira koyenera ndiponso kamazimitsa pampu fezi imodzi ikasowa. KTZ 47.5 ili ndi chotetezera chimene chimadula magetsi mota ikatentha kwambiri n'kuyatsanso yokha ikazizira, koma ichi sichilowa m'malo mwa bokosi la magetsi lokonzedwa bwino, lokhala ndi chotetezera mafezi, chodula magetsi akachuluka, ndi chodula magetsi akathawira m'madzi. Popeza pampuyi imayakanso yokha, munthu asaigwire ngakhale itaoneka kuti yaima, pokhapokha magetsi atazimitsidwa kubokosi ndipo bokosilo latsekedwa ndi loko. Jenereta nayo iyenera kukhala yaikulu ndithu, chifukwa poyamba kuzungulira mota imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kasanu n'kawiri kuposa pamene ikuyenda, ndipo kwa mota ya makilowati 7.5 sindingalangize jenereta yochepera 25 kVA.

Chimene ndimaikondera kwambiri pampuyi ndi mmene imadziziziritsira. Madzi amalowera pansi, amadutsa m'njira ya m'mbali mwa mota, n'kutulukira pamwamba, kotero kuti mota imaziziritsidwa ndi madzi omwe ikupopawo ngakhale theka la thupi lake litaonekera kunja. M'dzenje la kwale madzi amatsika usiku pamene palibe woyang'anira, ndipo pampu imene imafuna kumira yonse nthawi zonse singakhalitse. Komabe madzi akatheratu, pampu n'kuyamba kumeza mpweya pamodzi ndi timadzi tamchenga totsalira, impela imatha msanga ndipo magetsi amangopita pachabe. Swichi yoyandama yoikidwa bwino, imene imazimitsa pampu madzi akatsika, ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi impela imodzi. Chingwe chake cha magetsi chinamatidwa polowera m'mota m'njira yoti ngakhale chitang'ambika kumtunda, madzi asayende m'kati mwa timawaya kukafika ku mota. Izi n'zothandiza kwambiri pa kwale, pamene zingwe zimapalidwa ndi miyala tsiku ndi tsiku, koma si chilolezo chokokera pampu ndi chingwe chake, chizolowezi chimene ndimalimbana nacho chaka chilichonse pakabwera antchito atsopano.

Kusamalira KTZ kwagona pa oyilo. Pakati pa mota ndi impela pali kachipinda ka oyilo momwe muli mechanical seal ya mbali ziwiri, ya silicon carbide, imene imatchinga madzi kuti asafike ku mota. Makaniki amagoneka pampu cham'mbali, amamasula kabawuti ka oyilo, n'kukhuthulira oyiloyo m'botolo loonekera m'kati. Akatuluka woyera ngati mmene anathiridwira, seal ili bwino. Akatuluka ndi maonekedwe a tiyi wamkaka, madzi ayamba kulowa, ndipo seal iyenera kusinthidwa sabata yomweyo, mota isanapse. Oyilo wake ndi wa turbine wa VG32, osati wa injini ya galimoto amene ali pafupi. Kuyeza ndi mita ngati mawaya a mota akadali otetezeka ku chinyontho kumatenga mphindi zochepa, ndipo nambala ikayamba kutsika mwezi ndi mwezi imakhala ikuchenjeza. Makaniki wodziwa ntchito yake amaiphwasula pampuyi ndi masipanala wamba, ndipo zimenezi zili ndi phindu lalikulu kwa ife amene tili kutali ndi malo okonzera a kampani imene inaipanga.

Pali malo amene sindingaike KTZ ngakhale mtengo wake utatsika chotani. Madzi a m'migodi ya malasha nthawi zambiri amakhala ndi asidi wochokera ku mwala wa pyrite ukakumana ndi mpweya ndi madzi, ndipo asidiyo amadya cast iron, choncho pamafunika kuyeza pH ya madzi kaye, nambala imene imatsika asidi akachuluka, ndipo ikakhala yotsika, kugula pampu ya chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316. M'mgodi wa pansi pa nthaka momwe mungakhale mpweya woyaka wa methane mumafunika pampu yovomerezeka kuti singayambitse moto, ndipo KTZ si ya gulu limenelo. Madzi otentha kupitirira madigiri 40, monga amene amapezeka m'masampu a m'mafakitale a shuga kapena pafupi ndi maboila, nawonso ndi opitirira malire ake. M'nyumba zotsukira miyala ya mtengo wapatali, momwe sampu imalandira phala lokhuthala la miyala yoperedwa usana ndi usiku, yoyenera ndi pampu yoimirira monga Warman SP, imene mota yake imakhala pamwamba pouma ndipo m'phalamo mulibe seal kapena mabeyaring'i oti awonongeke. Pomwe dzenje lazama kupitirira mamita 35, ndi bwino kuyang'ana mtundu wa LH wa kampani ya Tsurumi wokweza madzi patali, kapena kupopa mogawa, pampu ina n'kuthira m'thanki ya pakatikati kuti ina ipitirize. Umu ndi mmene migodi ikuluikulu imachitira. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe m'dziko la Zambia, umene uli m'gulu la migodi ya madzi ochuluka kwambiri padziko lonse, umapopa makyubiki mita oposa 300,000 tsiku lililonse kudzera m'zipinda za mapampu za pansi pa nthaka, ndipo kumeneko mapampu omira a kukula ngati KTZ ntchito yawo ndi yongosonkhanitsa madzi kuwapereka kwa mapampu aakuluwo.

Funso lina limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti bwanji osangogula pampu ya dizilo yoima kumtunda, monga Godwin Dri-Prime. Pampu yotere ili ndi ubwino woonekeratu m'dziko lathu, chifukwa mvula yamphamvu ndi kuzima kwa magetsi zimakonda kubwera pamodzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, pa nyengo yomwe maenje anali odzaza madzi. Koma pampu yoima kumtunda imayamwa madzi modalira kulemera kwa mpweya, ndipo ngakhale yabwino kwambiri singayamwe kuchokera pansi kupitirira mamita 8.5. Kumalo okwera monga Blantyre kapena Lilongwe, amene ali mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, malirewo amatsika ndi mita imodzi kapena kuposerapo. Choncho iyenera kutsitsidwa pafupi ndi madzi, kumene ikhoza kumizidwa madzi akakwera usiku, ndipo imafuna dizilo ndi munthu woilondera. Ine ndimaona kuti malo ake ndi ongothandizira pa nthawi ya ngozi, pomwe ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi ya pampu yomira yokhala ndi jenereta pambali. Pampu zomira m'madzi zoterezi zinayamba ndi Sixten Englesson wa kampani ya Flygt mu 1947, ndipo chimene chinazifalitsa m'migodi n'chakuti zimakankha madzi zili m'madzi momwemo, popanda vuto la kuyamwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa pampuyi ndi masipeya, ndipo vutoli ndi la msika wathu. Impela, seal ndi chingwe nthawi zambiri zimachokera ku South Africa, ndipo ndalama zakunja zikasowa, kudikira kumatalika. Wogulitsa wina anatibweretsera seal yofanana kukula ndi yeniyeni koma yosalembedwa dzina lililonse, ndipo oyilo anasanduka ngati tiyi wamkaka pasanathe mwezi. Choncho amene akugula pampuyi aitanitse nthawi yomweyo impela imodzi, chivundikiro cha pansi, seal ndi timphira totsekera, zonse zili m'mapaketi a kampani, ndipo afunse wogulitsayo kuti awaonetse masipeyawo pa shelefu m'malo mongolonjeza pakamwa. Wogulitsa wabwino amafunsa kuya kwa dzenje, kutalika ndi kukula kwa paipi, ndi mtundu wa madzi asanatchule mtengo, ndipo amene sakufunsa zimenezi ndi bwino kumusiya. Ndimalangizanso kugula mapampu awiri apakatikati m'malo mwa imodzi yaikulu, chifukwa m'chilimwe imodzi imakwanira, m'dzinja zimagwira zonse ziwiri, ndipo ina ikakwezedwa kukasinthidwa seal dzenje silikhala lopanda pampu.

Madzi akatuluka m'dzenje sakhala atatha nkhani, chifukwa kumunsi kwa kwale kumakhala anthu amene amachapa, kuthirira madimba ndi kumwetsa ziweto mumtsinje womwewo. Lamulo la za madzi la 2013 limafuna chilolezo cha National Water Resources Authority kuti munthu atayire madzi oipa mumtsinje, ndipo bungwe la Malawi Environment Protection Authority (MEPA) limayang'anira za chilengedwe pansi pa lamulo la 2017. KTZ imatulutsa mchenga wonse ndi fumbi lonse limene yameza, choncho paipi yake iyenera kuthera m'dziwe lodikhitsira madzi, ndipo ngati pamwamba pa sampu pakuyandama dizilo kapena oyilo wochokera m'makina, achotsedwe pampu isanayatsidwe. Madzi a m'dziwe limenelo ife timawagwiritsanso ntchito pothirira msewu kuti fumbi lichepe m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo pa ntchito yodzaza thanki ya galimoto, imene mtunda wake ndi waufupi, KTZ 67.5 ndi imene ingachite bwino kuposa 47.5.